Fani ya Kudenga Ilingane ndi Chipinda Chake

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kwa ku Nsanje ndi ku Chikwaŵa kumafika madigiri 40 ngakhalenso kupitirira, anthu amene ali ndi magetsi m'nyumba zawo amathamangira kusitolo kukagula fani ya kudenga. Ambiri a iwo amafunsa mtengo wokha, osayamba ayeza chipinda chimene faniyo ikakhalemo.

Choyamba kudziŵa nchakuti fani siiziziritsa chipinda. Ntchito yake ndi kuyendetsa mpweya, ndipo mpweya woyendawo umaumitsa thukuta pakhungu, munthu nkumva kuzizirira. Choncho fani imene mphepo yake siifika pamene pakhala anthu ilibe phindu, ndipo yosiyidwa ikuzungulira m'chipinda mopanda munthu imangodya magetsi pachabe.

Kukula kwa fani amakuyeza modutsa pakati, kuchokera kunsonga ya phiko kufika mbali inayo ya bwalo limene mapikowo amazungulira. Chipinda chaching'ono, cha mamita 3 m'litali ndi 2.5 m'lifupi, chimakwanira ndi fani ya mainchesi 36. Chipinda chogona cha mamita 4 kwa 3 chimafuna ya mainchesi 48, pamene pabalaza pa mamita 5 kwa 4 pamayenera ya mainchesi 56. Chipinda chachitali monga kalasi kapena holo chimapindula ndi mafani aŵiri apakati koposa imodzi yaikulu, pakuti mphepo ya fani imatsikira pansi pake, siipita kutali m'mbali.

Wogula fani yaing'ono pofuna kupulumutsa ndalama ndiye amaluza koposa. Amayenera kuithamangitsa usiku wonse pa liŵiro lotsiriza, phokoso nkumusoŵetsa tulo, koma m'makona muli chitenthere. Yokulirapo pang'ono, yoyenda mofatsa, imakankha mpweya wambiri mwakachetechete, ndipo izi nzofunika kwa ogona m'neti, popeza neti imatchinga gawo la mphepo isanafike pathupi.

Kutalika kwa denga nako kuli ndi mawu. Mapiko akhale mamita osachepera 2.1 kuchokera pansi, kuopa kuti angateme dzanja la munthu wovula malaya kapena mutu wa mwana wonyamulidwa paphewa. Pakati pa mapiko ndi siling'i pakhale mpata wa masentimita ngati 30 kuti fani ipeze mpweya wokoka, ndipo nsonga zake zitalikirane ndi khoma theka la mita. M'nyumba ya malata yopanda siling'i muli vuto lina: masana mpweya wa pafupi ndi malata umatentha kwambiri, ndipo fani yomangidwa m'mwamba zedi imautsitsira pa anthu. M'nyumba yotere mpofunika chitsulo cholendeŵetsera chachitali, kapena, ndalama zikalola, kuyamba ndi siling'iyo.

Fani yamagetsi ya kudenga inayamba m'zaka za m'ma 1880 ku America, pamene Philip Diehl analumikiza mapiko ku injini ya makina osokera a Singer. Zamasiku ano zambiri zimadya mawati pafupifupi 75, koma zina zotchedwa BLDC zimangofuna ngati 30, chinthu chothandiza kwa amene amadalira sola ndi batire. Kaya ikhale yamtundu wanji, fani imangidwe pa mtanda wolimba kapena pa ngoŵe ya m'konkire, osati pa bolodi la siling'i, ndipo mawaya ake alumikize ndi mmisiri wa zamagetsi.