Kuchepetsa mafuta popanda opaleshoni: kodi msambo ukukhudzidwa bwanji?

Mayi amene walipira ndalama zambiri kuti makina amuchepetsere mafuta a pamimba amayembekezera kuona kusintha. Koma zimachitika kuti patatha miyezi itatu, tepi yoyezera m'chiuno imaonetsa nambala yomwe ija, ndipo iye amaganiza kuti anamudyera ndalama. Nthawi zina vuto limakhala tsiku limene anamuyeza: ulendo woyamba atangomaliza kumene msambo, ulendo wachiwiri kutatsala masiku awiri kuti ayambe wina.

Njira yotchuka kwambiri yochepetsera mafuta popanda kung'amba khungu ndi yowaziziritsa, yomwe ambiri amaidziwa ndi dzina la CoolSculpting. Anaitulukira ndi madokotala awiri, Dieter Manstein ndi Rox Anderson, a pachipatala cha Massachusetts General mumzinda wa Boston, ndipo bungwe la FDA la ku America linaivomereza m'chaka cha 2010. Makinawo amayamwa mnofu wa pamalo pamene pali mafuta ndi kuuziziritsa kwa mphindi 35 mpaka 60. Maselo a mafuta sapirira kuzizira ngati mmene khungu limapiririra, kotero ena amafa, ndipo thupi limawachotsa pang'onopang'ono kwa mwezi umodzi mpaka itatu. Pamalo pamene agwirapo, mafuta amachepa ndi magawo pafupifupi 20 mpaka 25 pa 100 alionse. Palinso makina ena otenthetsa mafuta, monga SculpSure, amene amagwira ntchito kwa mphindi 25.

Palibe umboni wodalirika wosonyeza kuti maselo a mafuta amafa ambiri kapena ochepa malinga ndi tsiku la msambo. Choncho amene akukuuzani kuti pali tsiku lapadera limene mafuta amasungunuka msanga akungofuna malonda. Chimene chimasintha ndi thupi lozungulira mafutawo.

Kwa amayi ambiri, kuchokera tsiku loyamba la msambo kufika tsiku loyamba la msambo wotsatira pamadutsa masiku 21 mpaka 35. Dzira limatuluka kutatsala masiku pafupifupi 14 kuti msambo wina uyambe, ndipo kuyambira pamenepo mahomoni amasintha. Masiku omalizira, thupi limasunga madzi, m'mimba mumadzadza mpweya, mawere amalemera, ndipo siketi imene imakwana bwino sabata yatha imayamba kuthina. Sikelo ikhoza kuwonjezera kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Zonsezi ndi madzi ndi mpweya, ndipo zimatha msambo ukamapita kumapeto.

Apa ndi pamene muyeso umasokonekera. Kusintha kumene makinawa amabweretsa n'kochepa, masentimita owerengeka chabe, moti kutupa kwa msambo kungathe kukubisa konse. Kungathenso kunamiza mbali inayo: mayi akajambulidwa koyamba mimba ili yofufuma, kenako n'kudzajambulidwanso atangomaliza msambo, zithunzi zidzaonetsa zodabwitsa zimene makina sanachite. Njira yopewera zimenezi ndi yosavuta. Kuyeza ndi kujambula konse kuchitike pa tsiku lofanana la mwezi wa mayiyo, makamaka m'sabata yotsatira kutha kwa msambo, ndipo tsikulo lilembedwe pakhadi.

Nkhani yachiwiri ndi ululu. Makina oziziritsa amakoka mnofu mwamphamvu, mphindi zoyambirira pamaluma kufikira pachite dzanzi, ndipo akachotsa makinawo amafikisa malowo, zimene ambiri amati ndiye zopweteka koposa. Pambuyo pake pamatupa, pamafiira, pena pamatsala mikwingwirima kwa masiku angapo. Mayi amene amavutika ndi cham'mimba sangapindule kanthu powonjezera zimenezi pa tsiku loyamba kapena lachiwiri la msambo. Komanso mankhwala amene ambiri amamwa masiku amenewo, monga aspirin ndi ibuprofen, amachititsa kuti magazi achedwe kuundana, ndipo mikwingwirima ikhoza kukula. Ngati malo ogwirapo ndi pansi pa chibwano kapena pamkono, nkhawa imeneyi ndi yaing'ono.

Chifukwa chachikulu chofunsira za msambo, chimene sichiyenera kunyalanyazidwa, ndi pathupi. Njirazi sizinayesedwe mokwanira pa amayi oyembekezera, ndipo saloledwa kuzichita. M'masabata awiri otsatira kutuluka kwa dzira, mayi angakhale ndi pakati iye asakudziwa, ngakhale chipangizo choyezera mkodzo chingalephere kuonetsa. Atangomaliza msambo wake wanthawi zonse ndi pamene chikayiko chimachepa. Malo amene sakufunsani n'komwe tsiku limene munasamba komaliza ndi oyenera kuwakayikira pa zina zonse.

Nanga amene msambo wawo suyenda m'ndondomeko? Amayi ambiri olera ndi jakisoni wa miyezi itatu kapena kachipangizo ka pamkono amasamba mwa apo ndi apo, ena amasiyiratu. Iwowa alibe kalendala yoti atsate. Chofunika ndi kutsimikiza kuti sali oyembekezera, ndi kuyezedwa m'mawa asanadye pa tsiku limene sakumva kufufuma. Amene ali ndi lupu ya kopa auze dokotala, chifukwa makina ogwiritsa ntchito mphamvu ya maginito, monga Emsculpt, saloledwa kwa munthu amene ali ndi chitsulo pafupi ndi malo ogwirapo.

Pali kutupa kwina kumene sikugwirizana ndi msambo. Mwa anthu ochepa, mafuta oziziritsidwa aja amachuluka m'malo mochepa, n'kupanga chotupa cholimba chooneka ngati kamwa la makina aja, patatha miyezi ingapo. Linda Evangelista, katswiri wotchuka woonetsa zovala wa ku Canada, anaulula m'chaka cha 2021 kuti zimenezi zinamuchitikira. Kutupa kwa msambo kumabwera n'kupita mwezi uliwonse, pamene chotupa chotere chimakhala pomwepo, ndipo kawirikawiri chimachoka ndi opaleshoni.