Lilongwe mpaka Jeddah: makilomita angati, maola angati?

Wachibale akamakonzekera Hajj kapena Umrah, pakhomo pamamveka funso limodzi: kodi akakhala nthawi yaitali bwanji m'ndege? Nambala zake si zovuta, koma amene waziwerenga molakwika ndege imamusiya.

Kuchoka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa bwalo la King Abdulaziz ku Jeddah ndi makilomita pafupifupi 4,000. Ambiri a kuno amadzera ku Addis Ababa pa ndege za Ethiopian Airlines. Ena amati kumeneku n'kuzungulira, koma tayang'anani mapu: Addis ili pafupifupi pa mzere womwewo. Lilongwe mpaka Addis ndi makilomita pafupifupi 2,600, Addis mpaka Jeddah 1,400.

Ndege zikuluzikuluzi zikakhazikika m'mwamba zimathamanga makilomita oposa 800 pa ola. Komabe musangogawa mtunda ndi liwiro ngati samu ya m'kalasi, chifukwa kuyenda pansi pa bwalo, kukwera ndi kutsika kumadyanso nthawi. Gawo loyamba limatenga maola pafupifupi anayi ngati ndege siima pena, lachiwiri awiri ndi theka. Onse pamodzi ndi maola asanu ndi limodzi ndi theka.

Amenewa ndi maola a mlengalenga okha. Wa ku Mangochi ayambe wawerengera maola anayi kapena kuposerapo a pamsewu, awonjezere atatu ofika msanga pa bwalo kuti apimitse katundu ndi kudindiritsa pasipoti, kenako kudikira ndege yachiwiri ku Addis, kumene nthawi zina kumatalika kuposa kuuluka kwenikweniko. Ulendo wonse umatha tsiku lathunthu. N'chifukwa chake mankhwala a shuga kapena a BP a agogo asalowe m'chikwama chachikulu, akhale m'kachikwama ka m'manja. Muikemonso juzi, poti Addis ili pamtunda wa mamita oposa 2,300 ndipo usiku kumazizira.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi pa wotchi. Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya dziko limene bwalolo lili. Ethiopia ndi Saudi Arabia ali patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi. Mwachitsanzo, tikiti ikati kunyamuka 2 koloko masana, kufika 7 koloko madzulo, si maola asanu, ndi anayi. Mukatera ku Addis wotchi ya pamkono ikadali pa nthawi ya kwathu, mudzakhala phee pa benchi mukuganiza kuti kwatsala ola, chonsecho geti akutseka. Sinthani wotchiyo ndege ikangotera. Dziwaninso kuti Aitiyopiya pakati pawo amawerenga maola kuyambira m'mawa ngati Aswahili: 7 koloko yathu kwa iwo ndi ola loyamba. Choncho dalirani zikwangwani za pa bwalo kusiyana ndi kufunsa munthu wongodutsa.

Kwa amene akulunjika ku Makka, gawo lachiwirili ndi lalifupi ndithu, ndipo ndege imadutsa molingana ndi miqaat isanatere ku Jeddah. Zimbudzi za m'ndege ndi zopanikiza, pamzere pamakhalanso anthu ambiri. Langizo langa kwa abambo ndi lakuti nsalu za ihraam muvaliretu ku Addis, kuti m'ndegemo mutsale ndi niyya ndi talbiya basi.