Bala silisunga chinsinsi

Mayi wina anafika pa wodi yathu usiku akuyenda chowerama, dzanja lili pamimba. Anali atangochokera ku Turkey, kumene anakadulidwa khungu lotayirira lapamimba ndi kupopedwa mafuta m'chiuno. Nditamasula bandeji, fungo ndilo linayamba kundiuza. Bala linali litatseguka pakati, mafinya akuchucha. "Mayi, zayamba liti zimenezi?" ndinafunsa. Anati papita masiku asanu. Anazengereza kubwera chifukwa kunyumba anatsanzika kuti akupita kutchuthi.

Ndine namwino ku Britain, pa wodi ya maopaleshoni okonza thupi. Sindiweruza munthu amene wasankha kusintha maonekedwe ake. Chimene chimandisowetsa tulo ndi anthu amene amachira mobisala.

Ambiri amanyengeka ndi timabala ta opaleshoni yopopa mafuta (liposuction), poti ntating'ono kwambiri. Koma dokotala amalowetsa kachitsulo kobowoka mkati, kowonda kuposa cholembera, nkumakayendetsa uku ndi uku pansi pa khungu. Bala lenileni lili mkatimo, ndipo ndi lalikulu. Nchifukwa chake thupi limatupa, khungu limachita dzanzi, ndipo munthu amavala chovala chothina kwa milungu 4 mpaka 6 kuti madzi asasonkhane. Thupi limene munalipirira limayamba kuoneka bwino patapita miyezi ngati 6. Madzi akasonkhanabe, timati seroma, ndipo amachotsedwa ndi jakisoni kuchipatala. Musalole wokutikitani minofu kunyumba atsegule bala kuti afinye madziwo, pakuti matenda amalowera pomwepo.

Chimene ndimaopa koposa sichinunkha. Munthu akagona osasuntha, magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibuluma chake chikafika m'mapapo amatha kufa mwadzidzidzi. Odwala anga ndimawadzutsa m'mawa wotsatira opaleshoni kuti ayende, ngakhale akundiyang'ana ndi diso lofiira. Mpando wa m'ndege umawonjezera ngoziyi. A zaumoyo ku Britain, a NHS, amalangiza kudikira masiku 5 mpaka 7 munthu akapopedwa mafuta, ndi masiku 7 mpaka 10 akadulidwa pamimba, asanakwere ndege. Katumba wa mwendo umodzi akatupa nkumapweteka, kapena mukayamba kubanika, imeneyo si nkhani yolembera dokotala wakunja pa WhatsApp. Thamangirani kuchipatala chapafupi. Chimodzimodzinso thupi likatentha kufika madigiri 38.

Opaleshoni yowonjezera mbina, imene amati BBL, ili ndi vuto lakelake: mafuta akabayidwa mkati mwa mnofu amatha kulowa mumtsempha waukulu nkukatseka mapapo. Mu 2018 bungwe la madokotala okonza thupi ku Britain la BAAPS linapempha mamembala ake kuti ayambe aiimitsa, ndipo mu 2022 linalola kuti mafutawo azibayidwa pansi pa khungu pokha, dokotala akuyang'ana pa sikani. Wochitidwayo amagona chafufumimba ndipo sakhalira matako kwa milungu ingapo. Tsono kumuphikira ndani? Kumusambitsa ndani?

Ife akhungu lakuda tilinso ndi nkhani ya zipsera zotukuka, zija zimamera pakhutu munthu akabowola ndolo. Ngati munaonapo chotere pathupi lanu, muuzeni dokotala asanakugwireni ndi mpeni. Wosuta fodya naye anene zoona, chifukwa fodya amachepetsa magazi ofika pabala ndipo khungu limatha kufa.

Mayi uja tinamutsuka bala, tinamuika diripi ya mankhwala opha mabakiteriya. Chakum'bandakucha ndinakhala pambali pa bedi lake nkufunsa kuti ndiimbire ndani. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Anesi, imbirani achemwali anga, koma muwafotokozere ndinu." Ndinaimba. Achemwaliwo anafika dzuwa litangotuluka, atanyamula phala mufulasiki ndi chitenje choti amufunditse kumiyendo.