Chinsinsi cha Mitengo Yotsika m'Masitolo Akuluakulu

Alimi anzanga, sitolo ikamagulitsa mkaka, mazira ndi ndiwo zamasamba motchipa kuposa zinzake, ndalama yotsalayo imachotsedwa pati? Tiyeni tione chitsanzo cha masitolo a Aldi a ku Germany.

Masitolowa anayambira mu mzinda wa Essen, kumene abale awiri, Karl ndi Theo Albrecht, anatenga golosale ya mayi awo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Dzina loti Aldi anayamba kuligwiritsa ntchito mu 1962.

Choyamba, sasunga katundu wa mitundu yambiri. Pamene masitolo ena akuluakulu amakhala ndi mitundu yoposa 20,000, sitolo ya Aldi imakhala ndi pafupifupi 2,000 basi. Motero mtundu uliwonse amapikula wochuluka zedi nthawi imodzi, ndipo wopikula zambiri ndiye amalamula mtengo.

Chachiwiri, katundu wambiri amakhala ndi maina a sitolo yomweyo, osati a makampani otchuka. Choncho wogula salipira ndalama zimene makampani aja amaononga poitanira malonda.

Chachitatu, antchito amakhala ochepa. Katundu amayalidwa ali m'makatoni momwe anafikiramo. Wogula amaponya khobidi kuti atenge kangolo kogulira zinthu, ndipo khobidilo limabwerera akabweza kangoloko pamalo pake. Kulongedza katundu m'thumba ndi ntchito yake yomwe.

Koma pali mbali ina yotikhudza ife alimi. Sitolo ikapanikiza fakitale ya mkaka kuti itsitse mtengo, fakitale nayo imapanikiza mwini ng'ombe. Mu December 2020, alimi a kumpoto kwa Germany anatseka ndi mathirakitala zipata za nkhokwe za Aldi, pokana kutsitsidwa kwa mtengo wa batala.

Phunziro lake ndi lakuti mphamvu pa malonda ili m'kuchuluka kwa katundu. Mlimi amene wanyamula dengu limodzi la matimati amangolandira mtengo umene wamuuza wogula. Koma kalabu ya alimi imene yasonkhanitsa zokolola, n'kuzisankha m'magiredi, n'kumapereka mosadukiza, imatha kukambirana mtengo. Paja mutu umodzi susenza denga.

Musanavomere mtengo uliwonse, werengetsani zonse zimene mwalowetsa, monga mbewu, feteleza, aganyu ndi mayendedwe, kenaka mugawe ndi makilogalamu amene mwakolola. Mtengo wochepera pamenepo ndi wokudyerani masuku pamutu.