Magalimoto a Nyonga a ku America ndi Mipikisano Yace

 Nkhani yathu ya lero ndi ya magalimoto ena a ku America amene eni ace amati muscle car, ndiko kunena galimoto ya nyonga. Anyamata amawaona m'makanema, nafunsa cifukwa cace magalimoto otere sanacuruke m'miseu yathu, cinkana Bulawayo anali mudzi wa mipikisano ya magalimoto.

Poyamba timvetse injini. M'kati mwace muli mabowo amene amakanika amati masilinda, ndipo m'silinda iri yonse muli citsulo cokwera ndi kutsika monga munsi mu mtondo. Petulo akapsa, ndiye amakankha munsiwo. Galimoto wamba iri ndi masilinda 4. Ya nyonga inali ndi 8, oikidwa m'mizere iwiri ngati lemba la V, ndico cifukwa cace amati V8. Taganizani akazi asanu ndi atatu alikusinja pamodzi, ali yense ndi mtondo waukulu. Mphale icuruka msanga, koma cimanga ca m'nkhokwe cithanso msanga.

Ambiri amawerenga ciyambi ca magalimotowa pa caka ca 1964, pamene Pontiac inaturutsa GTO. Kampani ya General Motors inali ndi lamulo loletsa kuika injini yaikulu m'galimoto yapakati, koma John DeLorean ndi anzace analizemba. Anagulitsa galimoto yapakatiyo monga mwa nthawi zonse, nati injini ya malita 6.4, ya mphamvu ya akavalo 325, ndi coonjezera cabe cimene wogula asankha yekha. Akulu a kampani anayembekeza kugulitsa 5,000, koma zinagulidwa zoposa 32,000 caka comweco. Ford, Dodge, Plymouth ndi Chevrolet ataona izi sanafune kutsalira. Petulo ku America anali pafupi masenti 30 pa galoni, kotero mnyamata wa pa nchito sanade nkhawa kuti galoniyo imfikitsa mailosi 10 kapena kupitirira pang'ono.

Tsono mpikisano ulowa bwanji? Bungwe la NASCAR, limene Bill France analiyambitsa mu 1948, linkathamangitsa magalimoto a mtundu womwewo umene munthu angagule m'sitolo. Kampani ikafuna kupikisana ndi galimoto yacilendo, inayenera kuyamba yapangira anthu wamba mazana angapo. Motero mu 1969 Dodge inapanga Charger Daytona zoposa 500 pang'ono, za mphuno yosongoka ndi phiko lalitali kumbuyo, kuti iloledwe m'bwalo. Pa 24 March 1970 Buddy Baker anaithamangitsa ku Talladega kupitirira mailosi 200 pa ora. Liwiro lotere likadamcotsa munthu ku Bulawayo ndi kumfikitsa ku Harare ora limodzi ndi theka lisanakwane. Makampani ankati galimoto ikapambana pa Sabata, Lolemba lace anthu adzadza m'sitolo.

Koma kuti anthu adzadze m'sitolo ayenera kuona kupambanako, ndipo apa ndi pamene panali bvuto. Makamera a televizioni a masiku amenewo anali olemera, omangidwa ku nthambo zazitali, ndipo mpikisano wa mailosi 500 utenga maora atatu kapena anai. Eni nyumba zoulutsira anaganiza kuti palibe munthu angakhale pansi nthawi yonseyo kuyang'ana magalimoto alikuzungulira. CBS inaonetsako mipikisano yaifupi ya ku Daytona mu January 1960. Kuyambira 1961 ABC, m'pologalamu yace ya Wide World of Sports, inkajambula mpikisano, kuudula, ndi kuonetsa zidutswa zace patapita masiku, wopambana atadziwika kale. Wofuna kuona Indianapolis 500 ulikucitika, pakati pa 1964 ndi 1970, ankalipira pa khomo la nyumba ya kanema.

Tsiku limene Daytona 500 inaonetsedwa yonse ulikucitika, kuyambira poyamba kufikira potsiriza, linali 18 February 1979. Cipale cinagwa kwambiri kum'mawa kwa America, anthu nabindikira m'nyumba. Pozungulira kotsiriza Donnie Allison ndi Cale Yarborough, amene anali patsogolo, anagundana, Richard Petty nadutsa napambana, ndipo makamera anaonetsa Yarborough alikumenyana ndi Donnie ndi mbale wace Bobby pa udzu. Mawa lace dziko lonse linakamba za NASCAR. Codabwitsa ndi cakuti pofika tsikulo nyengo ya galimoto ya nyonga inali itatha kale. Makampani a inshuwalansi anakweza mitengo, lamulo la 1970 linaletsa utsi wambiri, mafuta anasowa mu 1973, ndipo GTO ija inaleka kupangidwa mu 1974.

Tibwerere kwathu tsopano. Televizioni inayamba ku Salisbury, amene lero ndi Harare, mu November 1960, ndipo mu 1961 inafika ku Bulawayo ndi ku Kitwe. Ku Malawi inadzafika mu 1999. Bokosi lace linali la mtengo wapatali, ndi mapologalamu ace anakonzedwera makamaka Azungu. M'nyumba za ku Makokoba cinalipo ndi wailesi, monga ija ya Saucepan imene inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa £5. Munthu wa m'komboni ankapita ku nchito pa njinga, ndipo masewera ace anali nkhonya ku Stanley Square ndi mpira ku Barbourfields. Mipikisano ya magalimoto inkacitikira kutsidya lina la tauni, ku Kumalo, pa bwalo lakale la ndege pamene anaphunzitsira oulutsa ndege pa nkhondo yaciwiri. Pamenepo ndi pamene ankathamangira Rhodesian Grand Prix m'zaka za m'ma 1960.

Ndipo zaka zomwezo zimene America anali kusewera ndi petulo, ife tinali kumuyeza ndi botolo. Ian Smith atadzilengezera ufulu pa 11 November 1965, Britain inatseka mafuta, ndipo pofika kumapeto kwa December petulo ku Rhodesia anayamba kugawidwa mwa muyeso. Zambia inabvutika koposa, pakuti mafuta ace ankadzera ku Rhodesia. Anacita kuwatenga pa ndege ndi pa malole kucokera ku Dar es Salaam, kufikira paipi ya Tazama inatha mu 1968. Kodi ndani akadagula akazi asanu ndi atatu osinja nkhokwe iri gwa? Onjezani kuti ife timayenda kumanzere kwa mseu, pamene Ford sinapange Mustang ya ciongolero ca kumanja m'fakitale yace kufikira 2015. Amene anailakalaka ndithu V8 anayang'ana ku South Africa, kumene Basil Green wa ku Johannesburg anayamba mu 1970 kuika injini ya malita 5 m'galimoto yaing'ono ya Ford Capri, naicha Perana.

Ngwazi ya Bulawayo, John Love, wobadwira momwemo mu 1924, inadziwika ndi injini zazing'ono. Mu 1962 anakhala katswiri wa mipikisano ya magalimoto wamba ku Britain ali m'kagalimoto ka Mini Cooper, ka injini yosakwana lita imodzi. Tisanamizane, sanali kupitirira ma Jaguar. Mapointi ankawerengedwa m'magulu monga mwa ukulu wa injini, ndipo iye m'gulu lace analibe womposa. Caka cotsatira Jack Sears anadza ndi Ford Galaxie ya ku America, ya malita 7, nagonjetsa ma Jaguar aja poyera.

Tsiku lalikulu la Love linali 2 January 1967 ku Kyalami, pa South African Grand Prix. Anali ndi zaka 42, m'galimoto yakeyake yakale ya Cooper ya masilinda 4, pakati pa akatswiri a dziko lonse monga Jim Clark, Graham Hill ndi Jack Brabham. Iye anatsogola. Kutatsala kuzungulira kasanu ndi kawiri, petulo analeka kufika bwino ku injini, ndipo anapatuka kukathira wina. Pedro Rodríguez, wa injini ya masilinda 12, anadutsa napambana, Love nakhala waciwiri. Palibe munthu wa m'dzikomo anauona mpikisanowu ali m'nyumba mwace, pakuti televizioni inafika ku South Africa mu 1976. Love anakhala katswiri wa South Africa zaka zisanu ndi cimodzi motsatana, kuyambira 1964 kufikira 1969, ndipo anamwalirira kwao ku Bulawayo mu 2005.