Khofi wa ku Kasama mu mtondo wa ku Tamanda

Amene mumakwera minibasi za ku Chelstone pa Kulima Tower mudziwa kuti pofika pa Manda Hill, Arcades ndi East Park motoka zimayenda ngati zapsa mapazi, uku kondakita akukangana ndi munthu za chenji. Apo m'pamene ine ndimasuzumira pa windo n'kuona anthu atakhala pansi pa maambulela, aliyense ndi kakapu kang'onong'ono ngati ka mankhwala. Zaka zambiri ndinali kudzifunsa: m'kakapu kaja muli ciani, cakuti munthu n'kulipira ndalama zimene ine ndingapite nazo ku tauni ndi kubwerako masiku awiri?

Mwezi wina nditalandira, ndinaseluka n'kulowa m'kashopu kena ka khofi. Mtsikana wa pamakina anandifunsa kuti, "Mufuna wa ku Kasama kapena wa ku Mazabuka?" Ndinangoti kakasi. Khofi amene ndinakula naye ine ndi Ricoffy wa m'citini, uja amai anali kutulutsa pa Khrisimasi kapena abusa akabwera. Werengani pa citini cija mukafika kunyumba: muli khofi, inde, koma wosakaniza ndi chicory, muzu wa comera cina umene amaukazinga n'kuupera. Sindinali kudziwa kuti khofi ali ndi kwao monga mpunga wa ku Nakonde ndi wa ku Mongu.

Kwao ndi kumalo okwera ndi ozizira. Kuno kwathu wambiri ndi wa mtundu wa Arabica, ndipo minda yaikulu ili kumpoto: Kateshi ndi Ngoli ku Kasama, Isanya ku Mbala, imene kampani ya Olam inagula mu 2012. Kumwera kuli Munali Coffee wa pafamu ya Mubuyu, m'mapiri a Munali musanafike ku Mazabuka. Zipatso zake amathyola ndi manja zikafiira, ndipo m'cipatso cimodzi nthawi zambiri mumakhala njere ziwiri. Wambiri amakwera mathiraki kupita kunja asanakazingidwe n'komwe.

Ndinagula timapaketi tiwiri ta njere zokazinga, ka ku Kasama ndi ka ku Mazabuka. Kacitatu, ka Mzuzu Coffee, anandibweretsera mnzanga amene amaoloka pa Mwami kukaoda katundu ku Malawi. Uyu amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a m'makopaletivu, ena a iwo m'mapiri a Misuku ku Chitipa. Mu Ogasiti ndinanyamula tonse titatu, basi ya pa Intercity mpaka ku Chipata, kenaka kumudzi ku Tamanda. Kunena zoona, ndinafuna kukadzionetsa.

Cigayo ca khofi kumudzi kulibe. Amai anakana kalitu mtondo wao waukulu. "Ufuna nsima yanga inunkhe mapilisi?" Anandipatsa kamtondo ka nsinjiro. Ndinasinja mtundu uliwonse paokha, n'kusefa, n'kuika m'makapu atatu a citsulo. Madzi a pambaula ndinawasiya kaye aleke kubwata, monga anandiuzira mtsikana uja, cifukwa owira kwambiri amaonjeza kuwawa. Mphindi zinai, osavundula, osathira shuga.

Amalume anabwera okha, fungo linawaitana. Iwo alima fodya kuyambira ndisanabadwe, ndipo mphuno yao yasankha masamba zaka zonsezi. Sanayambe n'kumwa. Anatapa njere pa dzanja, n'kuzinunkhiza, n'kuluma imodzi, n'kupatula zosweka n'kuziika pambali ngati ali pa shedi.

"Uyu anapsa kwambiri pa moto," anatero, akuloza wa ku Mazabuka. "Anunkhira ngati nshawa zokazinga. Uyu wa ku Kasama awawasa kumapeto, ngati bwemba. Wa ku Malawi uyu ndiye wofatsa, atsekemera patali ngati msale."

Ine amene ndinabwera kudzaphunzitsa, m'makapu atatu onse ndinali kumva cinthu cimodzi cabe: kuwawa. Ndinamwanso mofyontha, monga amacitira akatswiri olawa ndi supuni, ndipo kacitatu bwemba uja ndinamumvadi. Manyazi anandigwira pang'ono. Ku Lusaka anthu amalipira kuti aphunzire kulankhula mau amenewa, pamene amalume anangowatola pakamwa ali pa mpando wa ndalema.

Amai analawa kamodzi, n'kukwinya nkhope, n'kuthira masupuni atatu a shuga ndi mkaka. Anamwa ndi kandolo n'kunena kuti tiyi ndiye amadziwa ulemu.

Kenaka linabwera funso limene ndinali kuliopa. "Mphwanga, kapaketi aka unagula zingati?" Ndinachula mtengo, ndipo ndinaucotsako pang'ono. Pakhonde panakhala zii. Amai anandiyang'ana mwa munthu amene akuwerengera mameda a fetelaiza. Ndinayembekezera kukalipiridwa.

Amalume sanakalipe. Anakweza kapaketi pa dzanja kuyesa kulemera kwake. Magalamu 250. Anawerengera camumtima kuti kilo imodzi ndiye timapaketi tinai, n'kufunsa kuti, "Nanga amene anathyola, pa ndalama izi anapatsidwa zingati?" Ndinalibe yankho. Iwo adziwa bwino mtunda umene ulipo pakati pa belo la fodya pa msika ndi ndudu ya pa kantemba, conco anangogwedeza mutu n'kumaliza kapu ya ku Malawi.

M'mawa mwake, ndikumanga cikwama, ndinawapeza kudimba atakumba timaenje pafupi ndi nthoci, njere zisanu za ku Mzuzu zili m'thumba la malaya. Ndinawauza kuti zokazinga sizimera, ndipo ngakhale mbande yeniyeni imatenga zaka zitatu kapena zinai kuti ibale.

"Ndiye vuto lili pati? Nthoci izi zipereka mthunzi, ndipo madzi alipo. Ukabweranso usandibweretsere zakupsa. Ubwere ndi zaziwisi."

Lolemba lapitali ndinaselukanso pa shopu paja kukafunsa kumene munthu angapeze mbeu. Mtsikana uja anaseka, n'kunena kuti aka n'koyamba kasitomala kumufunsa zimenezo, koma analemba nambala yanga kumbuyo kwa lisiti. Sanatumebe foni. Timaenje ta amalume tikali cidikirire, ndipo mvula ili pafupi.