Kutchula magwero polemba kafukufuku wa zaumoyo

Mukalemba kuti mankhwala akuti amachiza malungo, wowerenga ayenera kudziwa komwe mwazitenga kuti akatsimikize yekha. N'chifukwa chake masukulu a zaumoyo salandira pepala losatchula magwero.

Njira yofala m'magazini a zachipatala ndi ya Vancouver. Inayamba mu 1978, akonzi a magazini angapo atakumana mumzinda wa Vancouver ku Canada, ndipo gulu lawolo linadzakhala ICMJE. Gwero lililonse limapatsidwa nambala potsata momwe lawonekera m'pepala. Mukalitchulanso kutsogolo, nambala sisintha. Kumapeto mumalemba dzina la bambo la wolemba, zilembo zoyamba za mayina ake ena, mutu wa nkhani, dzina la magazini mwachidule, chaka, voliyumu ndi masamba. Olemba akaposa 6, kawirikawiri mumatchula 6 oyamba n'kuwonjezera "et al."

Njira ya APA, yofala m'maphunziro a unamwino, imaika dzina la wolemba ndi chaka m'chiganizo momwemo, ndipo mndandanda wake umatsata alifabeti. Funsani ku dipatimenti yanu njira yomwe akufuna, ndipo musasakanize ziwirizi.

Koma chachikulu n'chakuti muwerenge nokha gwero musanalitchule, ndipo muone ngati silinachotsedwe. Nkhani ya Andrew Wakefield ya 1998 m'magazini ya The Lancet, imene inachititsa makolo ambiri kuopa katemera wa MMR, inachotsedwa mu 2010. PubMed imaika chizindikiro pa nkhani zotere. Kuzitchula ngati umboni n'kufalitsa bodza lomwe likhoza kulepheretsa mwana kulandira katemera.